Chifuwa cholowa mkati: njira zimene madokotala amachiwongolera

Ana ena amabadwa fupa la pakati pa chifuwa litalowa mkati, n'kusiya dzenje ngati kambale. Madokotala amatchula vutoli kuti pectus excavatum, ndipo m'Chipwitikizi amati peito escavado. Limabwera chifukwa mafupa ofewa amene amalumikiza nthiti ndi fupa la pakati amakula mopotoka, n'kulikankhira kumbuyo. Limakonda kugwira anyamata kuposa atsikana, ndipo dzenjelo limakula kwambiri mwana akafika pa msinkhu wotha msinkhu, pamene thupi likutalika mofulumira.

Ambiri sasowa opaleshoni. Koma dzenje likazama, fupalo limapanikiza mtima ndi mapapo: mwana amachita befu akathamanga pang'ono, mtima umagunda kwambiri, ena amamva kuwawa pachifuwa. Palinso manyazi, amene sayenera kupeputsidwa, chifukwa anyamata ena amaleka kuvula malaya pamaso pa anzawo ngakhale posamba kumtsinje. Pofuna kudziwa kuzama kwake, madokotala amajambula chifuwa ndi makina a CT n'kugawa mulifupi mwake ndi mpata umene watsala pakati pa fupalo ndi msana. Chifuwa chabwinobwino chimapereka pafupifupi 2.5, zikapitirira 3.25, opaleshoni imayamba kuganiziridwa.

Njira yakale ndi ya Mark Ravitch, dokotala wa ku America amene anaifotokoza mu 1949. Amang'amba kutsogolo kwa chifuwa, kuchotsa mafupa ofewa opotokawo, n'kukweza fupa la pakati. Imasiya chipsera chachikulu, koma imathandizabe pamene chifuwa chapotokera mbali imodzi.

Imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi ya Donald Nuss, dokotala wochokera ku South Africa, amene anaiyamba mu 1987 ku Norfolk, m'boma la Virginia. Sachotsa fupa lililonse. Amaboola pang'ono mbali zonse ziwiri za chifuwa, n'kulowetsa chitsulo chopindika kuseri kwa fupa la pakati, akuyang'ana ndi kakamera kuti asakhudze mtima. Kenako amachitembenuza, ndipo chimakankhira fupalo kunja nthawi yomweyo. Chitsulocho chimakhala m'thupi zaka ziwiri kapena zitatu, kenako amachichotsa pa opaleshoni ina yaying'ono. Mabala ang'onoang'ono asanamize munthu: masabata oyambirira ululu umakhala waukulu, ndipo kwa miyezi ingapo wodwala saloledwa kunyamula zolemera kapena kusewera mpira, kuopa kuti chitsulo chingasunthe. Njirayi imayenda bwino kwa achinyamata amene chifuwa chawo chidakali chofewa, ngakhale akuluakulu amachitidwanso.

Kwa ana aang'ono amene dzenje lawo silozama, pali chipangizo chonga belu chimene amachimata pachifuwa, n'kumayamwa mpweya kuti fupa likwere. Chimafuna kuvala tsiku lililonse kwa miyezi yambiri.

Mwana wa chifuwa chotere akakhalanso wamtali kwambiri, wa zala zazitali kapena msana wopindika, ayenera kupimidwa mtima, chifukwa nthawi zina vutoli limayendera limodzi ndi matenda a Marfan, amene amafooketsa mtsempha waukulu wochokera mumtima.