Cifukwa Cake Ndege Imagunda Pansi Potera pa Mseu Waufupi

Apaulendo ambiri amanyinyirika ndege ikagunda pansi mwamphamvu potera, naganiza kuti woyendetsa sadziwa nchito. Koma pa mseu waufupi, makamaka kutagwa mvula, woyendetsa waluso amatero mwadala.

Ndege ya mtundu wa Airbus A320 imafika pa mseu ndi liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola. Motero sekondi iriyonse imene woyendetsa acedwa m'mwamba pofuna kuti matayala akhudze pansi mofewa, mamita pafupifupi 70 a mseu amapita pacabe. Ndiponso mabuleki sagwira bwino kufikira zitsulo za pamwamba pa mapiko, zochedwa spoilers, zitatukuka ndi kutsamiritsa kulemera konse kwa ndege pa matayala. Mainjini nawo amathandiza mwa kubweza mphepo kutsogolo. Pa mseu wonyowa, matayala ofika monyengerera akhoza kungoyandama pa madzi, osagwira phula konse.

Zoipa zimene zimatsatira makina amenewa akalephera zinaoneka pa 17 July 2007 pa bwalo la Congonhas, pakati pa mzinda wa São Paulo ku Brazil. Mseu wa pamenepo unali wa mamita 1,940, wozingidwa ndi nyumba. Unali utangothiridwa phula latsopano, koma tingalande tocotsa madzi tinali tisanadulidwe, ndipo madzulo amenewo kunali mvula.

A320 ya kampani ya TAM inatera cipangizo cobweza mphepo ca injini ya kumanja ciri cotseka. Ici pacokha malamulo anali kulola. Koma ofufuza anapeza kuti woyendetsa anabweza cogwirira ca injini ya kumanzere cokha, pamene ca kumanja cinatsala pa mphamvu yokwerera m'mwamba. Comweco injini imodzi inali kubweza ndege, inzake iri kuikankha. Makina a ndege, poona cogwiriraco, sanatukule zitsulo za pa mapiko, ndipo mabuleki odzigwira okha sanayambe nchito.

Ndegeyo inakhotera kumanzere, inadumpha mseu waukulu wa magalimoto wa Washington Luís, nikagunda nyumba ya katundu ya kampani yomweyo, moto n'kubuka. Anthu onse 187 amene anali m'ndege anafa, pamodzi ndi ena 12 amene anali pansi.