Anakana magazi awo, lero akukana chipukuta misozi

Ku America, tsiku la 11 Novembala ndi la asilikali akale, ndipo m'matauni mumakhala maperete, mbendera ndi zolankhula za akuluakulu. M'mawa mwake, pa 12 Novembala, kumakhala chikumbutso china chomwe ambiri sachidziwa n'komwe, cha matenda a ubongo otchedwa Creutzfeldt-Jakob, mwachidule CJD. Pali mabanja ena omwe masiku awiri onsewa amawakhudza. Ndi mabanja omwe akukanganabe ndi boma kuti livomereze kuti imfa ya bambo wawo inachokera ku usilikali.

Matendawa ndi osowa, amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu miliyoni imodzi pa chaka. Gwero lake ndi puloteni ya m'thupi momwemo yomwe yapindika molakwika, yotchedwa prion, imene imapinditsanso zinzake mpaka ubongo kubookabooka ngati chinkhupule. Mankhwala ochiza palibe. Odwala ambiri satha chaka.

Zigamulo za bwalo lomva apilo za asilikali akale zimatulutsidwa poyera mayina atafufutidwa, ndipo nkhani ya mtundu umodzi imabwerabwera. Kayendedwe kake n'kotere. Mnyamata alowa usilikali, natumizidwa ku West Germany m'zaka za m'ma 1980. Adya ku kantini ya pakampu, mkazi wake agula nyama m'sitolo ya asilikali, ana abadwira konko. Abwerera kwawo, apeza ntchito ina, zaka zidutsa. Atapitirira zaka 60, tsiku lina asochera pamsewu womwe wakhala akuyendamo moyo wake wonse. Ayamba kudzandira, mpaka achibale kumunong'oneza mkazi kuti mwina bambo ayamba kumwa mobisa. Dokotala woyamba akayikira sitiroko, wachiwiri matenda oiwalaiwala a ukalamba. Koma ukalamba suthamanga chotero. Pasanathe masabata angapo bamboyo alephera kugwira supuni, chitseko chikangomenyeka thupi lonse lichita kudumpha, mdzukulu akalowa amuyang'ana ngati mlendo. Kenako mawu atheratu. Pomwe zotsatira za makina ojambula ubongo ndi za madzi a m'msana zikufika, mkazi amakhala akumumwetsa madzi ndi kansalu konyowa. Miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi chiyambire, anthu ali pamaliro.

Maliro atatha, mayi wamasiyeyo amakumbukira tsiku lomwe mwamuna wake anapita kukapereka magazi nabwezedwa.

Kubwezedwako kunali ndi chifukwa chake. Mu Marichi 1996, boma la Britain linalengeza kuti kwapezeka mtundu watsopano wa CJD womwe ukuoneka kuti ukuchokera ku nyama ya ng'ombe zodwala matenda a misala. Makampu ambiri a America ku Ulaya ankalandira nyama yochokera ku Britain. Choncho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera chiletso: aliyense amene anakhala miyezi 6 kapena kuposa pamakampu a ku Germany, Belgium, Netherlands kapena Britain pakati pa 1980 ndi 1990, kapena a ku Greece, Turkey, Spain, Portugal ndi Italy mpaka 1996, asapereke magazi. Chiletsocho chinakhudza asilikali, akazi awo ndi ana omwe. Funso la mayi wamasiye ndi losavuta kumva: ngati boma linaopa magazi a mwamuna wake, lingakane bwanji lero kuti nyamayo inali ndi vuto?

Kuti alandire chipukuta misozi cha mwezi ndi mwezi, mayiyo ayenera kuonetsa matenda omwe anapha mwamuna wake, chomwe chinachitika ali pa usilikali, komanso chingwe cholumikiza ziwirizo. Lamulo silifuna umboni wotheratu. N'zokwanira dokotala kulemba kuti mwayi woti matendawo anachokera ku usilikali ndi theka kapena kuposa, ndipo umboni ukalingana mbali zonse, wodandaula ndiye amapambana. Chingwe chimenechi ndicho chimaduka.

Madokotala a mbali ya boma amati pa odwala 100 a CJD, pafupifupi 85 matendawa amangowayamba okha popanda chifukwa chodziwika, ena 10 mpaka 15 ndi a kumtundu, ndipo otengera kwina ndi ochepa kwambiri. Mtundu wa nyama ya ng'ombe uli ndi zizindikiro zake. Ku Britain unapha anthu 178, ambiri achinyamata a zaka za m'ma 20, unkayamba ndi kusokonekera maganizo ndipo unkatenga kupitirira chaka. Bambo wa zaka 60 amene wapita m'miyezi isanu sakufanana ndi amenewo. Ku America anthu anayi okha ndiwo anapezeka ndi mtundu umenewu, onse atakhalapo kunja, ndipo chiletso cha magazi kwa anthu a m'makampu chinachotsedwa mu 2020 poti palibe wodwala yemwe anatsimikizika kuti anautengera pakampu.

Mbali inayo nayo ili ndi zonena. Matenda a prion amatha kubisala nthawi yaitali modabwitsa. Ku Papua New Guinea, matenda a kuru anatulukira mwa anthu ena patapita zaka zoposa 50 chiwatengereni. Kafukufuku wofalitsidwa ku Britain mu 2013 anapima tizidutswa ta matumbo 32,441 tochotsedwa pa opaleshoni ya apendikisi, napeza prion yopindika mu 16, kutanthauza munthu mmodzi pa 2,000 alionse. Ndipo mu 2016 ku Britain komweko kunamwalira bambo wa zaka 36 yemwe zithunzi za ubongo wake zinkaloza mtundu wongoyamba wokha, koma atapima mtembo anapeza kuti unali wa nyama ya ng'ombe.

Apa mpomwe pamawawa. Njira yotsimikizira mtundu wa matendawa ndi kupima ubongo munthu atamwalira, ndipo banja lomwe langoona bambo akutha m'miyezi yochepa siliganiza zimenezo. Ena amakana chifukwa cha chisoni, ena palibe amene anawauza. Ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio, kuli malo omwe amathandiza kupima kotereku popanda banja kulipira. Mayi amene wamva zimenezi manda atakwiriridwa kale amatsala ndi chikalata cha imfa cholembedwa CJD basi, ndipo woweruza amaona kuti palibe pogwira.

Mabanjawa amalozanso matenda a ALS, opuwalitsa minofu. Gwero lake nalonso silidziwika bwino, komabe kuyambira 2008 msilikali aliyense amene anatumikira masiku 90 otsatizana akadwala ALS, boma limangovomereza kuti ndi za usilikali. Zinatheka chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti matendawo amachuluka pakati pa asilikali akale. CJD ndi yosowa kwambiri moti chiwerengero chotere n'chovuta kuchipeza, ndipo siili pamndandanda wa matenda ovomerezedwa okha. Si chilungamo kuti kusowa kwa matenda kukhale chilango kwa wamasiye. Boma lomwe linadziwa kulemba mayiko ndi zaka zoletsera magazi likanatha kuuza mabanja omwewo za kufunika kopima ubongo.