Malipenga a ku Chintheche ndi a yani?

Anthu akamaliza kukolola, mabwalo a ku Chintheche, Kande ndi Mpamba amadzaza. Amuna ovala makabudula oyera amaguba ngati asilikali a King's African Rifles, uku akuliza malipenga a zipanda. Chaka chatsopano chikafika, bwalo limakhala la amayi a chilimika. Palibe amene amawalemba ntchito anthuwa. Zovala amagula okha posonkherana.

Ife ogwira ntchito ya malamulo a umwini wa zaluso timafunsidwa kawirikawiri ngati a COSOMA angagwire gulu lotere. Sangatero. Bungweli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limalondola amene akupanga ndalama ndi luso la eni: mawailesi, malo achisangalalo, anyamata obena nyimbo m'mamemori khadi pa msika. Amenewo ndiwo amafunika laisensi. Wovinira anzake pamudzi, mwa mwambo wake, lamulo silimukhudza.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti gule wa makolo si wa gulu lililonse. Lamulo la umwini wa zaluso la 1989, komanso la 2016 lomwe linalowa m'malo mwake, limaika umwini wa zachikhalidwe m'manja mwa Boma mpaka kalekale, m'malo mwa Amalawi onse. Wofuna kuchita nazo malonda amayenera kupempha chilolezo kumeneko.

Koma si zonse za pabwalo zili za makolo. Mayi wa ku Usisya akapeka nyimbo yatsopano ya chilimika yodzudzula mwamuna amene anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, nyimboyo ndi yake kuyambira pamene waipeka. Ovina nawonso ali ndi ufulu wawo: mlendo wochokera ku loji sayenera kuwajambula n'kukagulitsa kanemayo iwo asanavomere. Apa ndi pamene magulu ambiri amaluza, chifukwa amalandira ya sopo tsiku lomwelo, osagwirizana kuti kanemayo akathera kuti.

Chimandiwawa kwambiri ndi ndalama ya pa mafoni. Lamulo la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni, womwe a MRA amatolera katundu akamalowa m'dziko, COSOMA n'kugawira amene analembetsa ntchito zawo. Nyimbo za chilimika zimayenda m'mafoni omwewo, koma wopeka wosalembetsa sapezapo kanthu. Likulu la COSOMA lili ku Lilongwe, pamene munthu wa ku Usisya, kuti angofika pa boma la Nkhata Bay, nthawi zambiri amadikira boti kapena sitima ya Ilala.