Tauni Sigona: Zodabwitsa 9 za Tulo ndi Usiku

Tulo tavuta? Musazimitse kaye nyali. Werengani izi, mawa mukhale ndi zowasimbira anzanu.

1. Tangoganizani, anthu a ku Ulaya kale ankagona kangati usiku umodzi? Kawiri! Katswiri wa mbiri yakale, Roger Ekirch, anafufuza zikalata za m'makhoti, za madokotala ndi mabuku a mapemphero, ndipo anapeza anthu akunena za tulo toyamba ndi tulo tachiwiri. Ankagona kukada, n'kudzuka pakati pa usiku kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Wina ankapemphera, wina ankasonkheza moto, wina ankapita kukacheza kwa mnansi, kenako onse n'kukagonanso mpaka mbandakucha. Mwambowu unazilala nyali zitachuluka m'matauni. Inu amene mumadzidzimuka 2 koloko usiku n'kuyamba kudziyesa wodwala, anthu amenewo sakanaona chachilendo.

2. Mu 1667, mfumu Louis XIV ya ku France inalamula kuti misewu ya Paris iziwala usiku. Ankakoloweka nyali za makandulo pazingwe pakati pa msewu, cholinga chake n'kuopseza mbava ndi zigawenga. Mu 1789, pamene anthu wamba anaukira boma, ena mwa akuluakulu anapachikidwa pazitsulo zokolowekapo nyali za m'misewu.

3. Ndi tauni iti kummwera kwa Africa kuno imene inayamba kuyatsa magetsi m'misewu? Mwati Johannesburg? Mwaphonya. Ndi Kimberley, tauni ya migodi ya dayamondi, mu 1882. Chaka chimenecho Johannesburg kunali tchire lokhalokha, chifukwa tauniyo inayamba mu 1886.

4. Masitolo a 7-Eleven anapatsidwa dzinali mu 1946 ponyadira kuti amatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 11 koloko usiku. Mu 1963, sitolo ina ya ku Austin, Texas, inadzaza ndi ochemerera mpira moti inalephera kutseka mpaka kunja kunacha. Eni ake anaona kuti usiku nawo uli ndi ndalama. Lero ambiri mwa masitolowa satseka n'komwe.

5. Chivomezi chitagwedeza Los Angeles mu Januwale 1994, magetsi anazima m'mamawa kusanache. Anthu anathawira panja, n'kuona kumwamba kuli chinthu chonga mtambo wotuwa, nyenyezi zili mbuu. Ena anachita kuimbira foni akatswiri a ku Griffith Observatory kufunsa chimene chachitika. Unali mlalang'amba, womwe mwana wa kumudzi amauona akungotuluka pakhomo. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko sangauonenso ali kwawo, chifukwa cha kuwala kwa magetsi.

6. Mbalame nazo zalowa shifiti ya usiku. Mumzinda wa Sheffield ku England, ofufuza anapeza mu 2007 kuti timbalame totchedwa robin timaimba usiku m'madera amene masana mumakhala phokoso lambiri. Timadikira kuti anthu akhale chete.

7. Munthu angathe masiku angati osagona? Randy Gardner, mnyamata wa zaka 17 wa ku San Diego, anakwanitsa masiku 11, maola 264, mu Januwale 1964. Mkati mwa masikuwo ankaiwalaiwala, lilime linkalemera, ndipo ankaona zinthu zomwe panalibe. Atamaliza anagona maola 14, n'kudzuka ali bwinobwino. Koma atakula, mwiniwake anasimba kuti tulo tinamuthawa kwa zaka zambiri.

8. Ichi muwauze madalaivala onse amene mumawadziwa. Ofufuza a ku Australia anasonyeza mu 1997 kuti munthu akakhala maso maola 17, manja ndi maso ake zimachedwa ngati za munthu amene m'magazi mwake muli mowa wofika 0.05 peresenti, mlingo umene m'mayiko ambiri saloleza nawo kuyendetsa galimoto. Werengani nokha: dalaivala wadzuka 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko usiku wafika kale pamenepo. Wapolisi akamuuziritsa kamakina koyezera mowa kaja, sikapeza kanthu.

9. Tauni ikamawala usiku wonse, pali amene akuisunga: mlonda woothera moto wa makatoni pakhonde la sitolo, namwino wa kuwodi, wothira mafuta pafilingi siteshoni, wophika buledi amene mumamwera tiyi m'mawa. Anthuwa timawaiwala msanga, ndipo si bwino. Mu 2007, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika ntchito ya mashifiti a usiku m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa. Akatswiri amakayikira kwambiri kuwala kwa usiku, komwe kumachepetsa melatonin, timadzi timene thupi limatulutsa kukada. Dziko la Denmark silinangomva n'kusiya. Linayamba kupereka chipukuta misozi kwa amayi ena amene anadwala khansa ya m'mawere atagwira ntchito usiku kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo anali anamwino.