NYALI IKAIMA PAMBALI, NKHOPE ZA PA UKWATI ZIMAONEKA

Loweruka liri lonse, makamaka m'miyezi ya cilimwe, miseu ya mu Lusaka imadzaza ndi magalimoto omangidwa maliboni. Pofika madzulo maholo a ku Kabwata ndi ku Chelstone, mahotela a pakati pa tauni, ndiponso matenti okhomedwa m'mayadi a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amakhala atadzaza ndi anthu oitanidwa ku madyerero a ukwati. Pakati pa khamulo sipalephera kukhala makolo ocokera ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, amene ayenda ulendo wautali pa mseu wa Great East kudzaona mwana wao alikulowa m'banja. Ena a iwo amagulitsa nshawa kapena ng'ombe kuti athandize pa zolipira. Pamene akwera basi ku Intercity kubwerera kumudzi, mpunga ndi nkhuku zimakhala zitatha, nyimbo zitaleka, ndipo cotsala coti akaonetse amene anatsala kwao ndi zithunzi cabe.

Tsono dandaulo lofala ndi lakuti zithunzi za m'holo sizikondweretsa monga zija zojambulidwa pakhomo pa chalichi dzuwa likali kuwala. Diresi la mkwatibwi limangoyera mbee, osaoneka maluwa ake ngakhale msoko. Mphumi ya mkwati imanyezimira ngati yadzozedwa mafuta, pa khoma la kumbuyo kwake pali cimthunzi cakuda bii, ndipo agogo amene anakhala pa tebulo laciwiri amizidwa mu mdima. Ambiri amanena kuti kamera inali yacabe. Kawirikawiri kamera ilibe mlandu. Mlandu uli pa malo amene panaima nyali yong'anima ija, imene ojambula amaicha fulashi.

Fulashi ikakhala pamwamba pa kamera, kuwala kwake kumacokera kumene kuli diso la kamera, kugunda nkhope maso ndi maso, ndi kubwerera momwemo. Nkhope ya munthu imadziwika ndi timithunzi ta pambali pa mphuno, pansi pa masaya ndi pa cibwano. Kuwala kwa kutsogolo kumafafaniza timithunzi tonseti, nkhope niikhala yaphwathalala. M'holo yodzaza anthu ovina thukuta silisowa, ndipo khungu lathukuta limabweza kuwala monga kalilole.

Pali lamulo lina la kuwala limene wojambula ali yense ayenera kulidziwa. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Ngati mkwatibwi waima mamita 2 kucokera pa nyali, ndipo makolo ake ali mamita 4, makolowo alandira gawo limodzi cabe mwa magawo 4 a kuwala kumene mwana wao walandira. Amene ali mamita 8 alandira gawo limodzi mwa magawo 16. Ndico cifukwa cake a pa mzere wa kutsogolo amapsa ndi kuwala pamene a kumbuyo sadziwika. Koma nyali yomweyo ikacotsedwa pa kamera ndi kuimikidwa patali, mamita 6 kucokera kwa mkwatibwi ndi mamita 8 kucokera kwa makolo, makolowo alandira koposa theka la kuwala kwa mwana wao, ndipo onse aoneka pa cithunzi cimodzi.

Ojambula odziwa nchito yao amaimika fulashi pa mtengo wacitsulo wa miyendo itatu, pambali ndiponso pamwamba pang'ono kuposa mitu ya anthu, iri yoweramira pansi. Motero cimthunzi cimagwera pansi kumbuyo kwa munthu m'malo mokwera khoma. Kutsogolo kwa nyaliyo amaikako ambulera yoyera kapena kabokosi ka nsaru, pakuti kuwala kocokera pa cinthu cacikulu kumakhala kofewa, monga mmene dzuwa lobisika m'mitambo silipweteka maso. Kale nyali yotere inkalumikizidwa ku kamera ndi cingwe, cimene cinkakola miyendo ya operekera zakudya. Masiku ano pamwamba pa kamera pamakhala kacipangizo kotumiza cizindikiro mwa wailesi, ndipo nyali ziwiri kapena zitatu za m'ngodya za holo zimang'anima pamodzi. Makampani onga Canon, Nikon ndi Godox amapanga zipangizo zotere.

Nkhani imeneyi iri ndi mbali imene ikhudza anthu akuda kwambiri. Pa ukwati pamakumana diresi loyera, suti yakuda ndi khungu lakuda pa cithunzi cimodzi. Kamera ikasiyidwa kudzisankhira yokha, imanyengedwa ndi kuyera kwa diresi, nicepetsa kuwala, nkhope niida. M'masiku a filimu bvutoli linali lalikulu koposa, popeza kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lokhala ndi cithunzi ca mkazi waciyera, lochedwa Shirley, ndipo khadi la akazi a makungu osiyana linadza m'zaka za m'ma 1990. Makamera a lero apita patsogolo, komabe khungu lakuda limaoneka bwino koposa pamene kuwala kofewa kwadzera pambali ndi kutsetsereka pa tsaya, osati kuliomba pamphumi.

Holo iri yonse iri ndi khalidwe lake. M'zipinda za m'mahotela, momwe siling'i ndi yoyera ndiponso yaifupi, wojambula angathe kulozetsa nyali m'mwamba kuti kuwala kubwerere pansi ngati mvula yowaza. Njira imeneyi sithandiza m'nyumba zazitali monga holo yaikulu ya Mulungushi, imene inamangidwa mu 1970, pakuti kuwala kumathera m'njira. Sithandizanso m'maholo a machalichi a denga la malata lopanda siling'i. M'matenti a kumayadi msampha ndi nsaru zokongoletsera: kuwala kukagunda nsaru yobiriwira kumabwerera kobiriwira, ndipo apongozi onse amaoneka ngati odwala. M'malo otere nyali yoima payokha ndiyo yokha yodalirika.

Nthawi yobvuta koposa ndi pamene operekeza akwati alowa ndi magule amene aphunzira kwa milungu yambiri pansi pa ulamuliro wa matroni, ndiponso pamene kamwana kabwera kalikuvina ndi mpeni wodulira keke. Woimba nyimbo amathima magetsi akulu ndi kuyatsa tinyali tofiira ndi tobiriwira tozungulira. Apa fulashi iri ndi mwai, cifukwa kung'anima kwake kumatha m'kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kapena kucepera apo, kotero kuti phazi la wovina limagwidwa liri m'mwamba. Makamera ambiri salola citseko cao kuthamanga koposa 1/200 kapena 1/250 ya sekondi pogwira nchito ndi fulashi wamba, koma wojambula wanzeru amacicedwetsa dala kufikira 1/60, kuti nyali za m'holo ndi anthu oimba nthungululu kumbuyo alowe nao m'cithunzi. Ena amamata kapepala ka mtundu wa lalanje pa fulashi kuti kuyera kwake kugwirizane ndi mababu acikasu.

Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankathima kwa maola ambiri pa tsiku mu Lusaka, ubwino wina wa fulashi unaonekera poyera: imadya mabatire ake, siyembekeza magetsi a m'holo. Cofunika ndi cakuti mabatire apadera akhale m'cola, ndiponso pakhale mnyamata woyang'anira miyendo ya nyali, kapena thumba la mcenga loitsendereza, pakuti ana othamanga ndi amalume amene akondwa koposa muyeso sacedwa kuigwetsa.

Makolo amene asonkha ndalama ali ndi ufulu wofunsa wojambula asanamulipire cikole. Asamufunse za kukula kwa kamera. Amufunse ngati waiona holoyo, ngati ali ndi nyali yoima payokha, ndiponso ngati adzabwera ndi womuthandiza. Apemphe kuona zithunzi za ukwati wina wa usiku, osati za m'munda wa maluwa, ndipo poziona ayang'ane anthu a pa mzere wa kumbuyo ngati nkhope zao zidziwika. Ankhoswe apanganenso naye kuti agogo ndi akuluakulu ocokera kumudzi ajambulidwe pamodzi ndi akwati magule asanayambe, ataimikidwa mapazi awiri kapena atatu kucoka ku khoma.