Iquitos: mzinda wa m'nkhalango wopanda msewu wopita kunja

Mkatikati mwa nkhalango ya Amazon, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Peru, muli mzinda wa Iquitos, likulu la chigawo cha Loreto. Mumzindawu mumakhala anthu pafupifupi 400,000, koma palibe msewu woulumikiza ndi mizinda ina ikuluikulu ya m'dzikolo. Msewu waukulu wotuluka mumzindawu ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo umathera m'tauni ya Nauta. Mlendo wodzagwira ntchito, wodzachita kafukufuku kapena wodzakhazikika amafika pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi basi.

Ndege yochokera ku Lima imatenga maola osakwana awiri. Sitima zonyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Yurimaguas zimayenda masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo apaulendo amagona m'machira ansalu amene amamangirira m'sitimamo. Katundu wambiri wa m'masitolo amadzera njira zomwezi, n'chifukwa chake zinthu zochokera kutali zimakwera mtengo. Amene akakamira zakudya zakwawo ndalama sizichedwa kumuthera. Wozolowera msanga ndi amene amapita kumsika wa Belén kukagula nsomba, nthochi zophika ndi chinangwa, zomwe eni dera amadalira tsiku ndi tsiku. Chakudya china chotchuka ndi juane, mpunga ndi nkhuku zokulunga m'masamba, chimene chimadyedwa kwambiri pa chikondwerero cha San Juan pa 24 Juni.

Mzindawu wazunguliridwa ndi mitsinje ya Amazon, Nanay ndi Itaya, ndipo moyo wa anthu umatsata kukwera ndi kutsika kwa madzi. Kuyambira cha m'Disembala mpaka Meyi madzi amakwera mamita angapo, kenako amayamba kuphwera. Kumunsi kwa Belén nyumba zina zinamangidwa pamitengo italiitali pomwe zina zimayandama, ndipo njira zimene anthu amayenda pansi madzi akaphwera zimasanduka modutsa mabwato madzi akadzaza. Wofuna nyumba ya lendi ayenera kufunsa oyandikana nayo kuti madzi amafika pati chaka ndi chaka. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani ya umoyo nayo ndi yofunika kuikonzekera. Dera la Loreto ndi lotentha komanso lachinyontho chaka chonse, ndipo udzudzu umaswana mosavuta. Malungo alipo, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje, pomwe matenda a dengue amavuta mumzinda. Udzudzu wofalitsa dengue umaluma masana, choncho masikito okha sakwanira. Pamafunikanso zovala zamanja aatali ndi mankhwala opaka othamangitsa udzudzu. Opita kuderali amalangizidwa kubayitsa katemera wa yellow fever kutatsala masiku osachepera 10 kuti anyamuke. Madzi akumwa ndi ofunika kuwiritsa kapena kugula a m'mabotolo. Chinyontho chimachititsanso kuti zovala, nsapato ndi mabuku zichite nkhungu ngati sizikuyanikidwa pafupipafupi.

Chilankhulo cha kumsika, kuchipatala ndi kumaofesi a boma ndi Chisipanishi, ndipo wodalira Chingerezi chokha amakhala ngati wosalankhula. Ngakhale pokwera njinga zamoto za matayala atatu, zomwe ndizo zimanyamula anthu ambiri mumzindawu, mtengo umakambidwa ulendo usanayambe.

Mlendo ayeneranso kudziwa mbiri ya malowa. Iquitos inakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chifukwa cha malonda a mphira, amene anakopa anthu ochokera ku Ulaya ndi madera ena. Nyumba yachitsulo ya Casa de Fierro ndi imodzi mwa zotsalira za nthawiyo. Koma chumacho chinadza ndi misozi. M'dera la Putumayo, eni nthaka ankagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga, kuzunzidwa ndi kuphedwa pansi pa kampani ya Julio César Arana, ndipo lipoti la Roger Casement lomwe linatuluka mu 1912 linaulula nkhanzazi ku dziko lonse. Malondawo anagwa minda ya mphira ya ku Asia itayamba kubereka.

Zidzukulu za anthu amene anazunzidwa zikadalipo m'chigawochi, pamodzi ndi mitundu ina monga Akukama. Mlendo wobwera ndi kamera kapena ntchito ya chitukuko ayenera kupempha chilolezo kwa atsogoleri a mudzi asanajambule munthu, asanalowe m'nkhalango yawo ndiponso asanayambe ntchito iliyonse.