Makaniko amene anagonjetsa Safari Rally katatu: mbiri ya a Joginder Singh

 Nkhani ya sabata ino ndi ya magalimoto a mpikisano. Tailemba kuti muziwerenga mofatsa mukatha kumvera pulogalamu. Mawu ena akakuvutani musathawe, tiziwamasulira m'njira momwemo.

Tiyambe ndi mawu amene inu okulira ku America mumawadziwa bwino, oti stock car. Lero mukawamva mumaganiza za NASCAR, magalimoto aphokoso ozungulira bwalo la Daytona maulendo 200. Koma poyamba mawuwa ankangotanthauza galimoto wamba, monga momwe yatulukira ku fakitale, yoti aliyense wokhala ndi ndalama zake angathe kukagula. NASCAR inayamba mu 1948, ndipo mpikisano wa mu 1949 ankautcha Strictly Stock, ndiye kuti galimoto usaisinthe. Anthu ankafuna kuona kuti pa magalimoto ogulitsidwa kwa aliyense, yolimba ndi iti, ndipo katswiri poiyendetsa ndani.

Ku Kenya anafunsanso funso lomweli, koma iwo sanamange bwalo. Anangotenga misewu yomwe inalipo, ya fumbi, miyala ndi matope. Mu 1953 kunayamba mpikisano wotchedwa East African Coronation Safari, pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II. Unkadutsa ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo magalimoto ankawagawa m'magulu potengera mtengo wake wogulira. Ndi womwewu umene lero timautcha Safari Rally. Kwa zaka zambiri unkachitika pa Isitala, mvula ili mkati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, usana ndi usiku. Misewu sankaitseka ayi. Dalaivala ankakumana ndi mabasi, ng'ombe, njinga, basi bola azembe.

Mwana wa m'garaja

A Joginder Singh anabadwira ku Kericho, dera la minda ya tiyi ngati kwathu ku Thyolo ndi Mulanje, pa 9 February 1932. Makolo awo anachokera ku Punjab, dziko la India. Tingoti anali ngati ambiri a ife: makolo obadwira kwina, mwana wobadwira kuno. Anali a chipembedzo cha Sikh, n'chifukwa chake pa zithunzi zambiri mumawaona atavala nduwira, ija nsalu yokulunga kumutu.

Ntchito anaiphunzira m'garaja ya bambo awo. Anayamba ngati kamnyamata kopatsira masipanala. Amene munapitako ku Ndirande kapena ku Biwi mukudziwa momwe zimakhalira: mwana amayamba ndi kutsuka zitsulo m'petulo, kenako amaphunzira kumasula tayala, ndipo pakapita zaka amatha kumva vuto la injini ndi khutu lokha.

Mu 1958 analembedwa ntchito ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la Royal East African Automobile Association. Anali munthu woyamba kugwira ntchito yoyendera misewu pa njinga yamoto, kufunafuna anthu amene magalimoto awafera panjira kuti awakonzere. Tangoganizani sukulu yake. Tsiku lililonse galimoto ya mtundu wina, vuto lina, msewu wina, ndipo zida ndi zokhazo zomwe wanyamula. Bungweli lilipobe. Lero limatchedwa AA Kenya, ndipo likulu lake lili ku Upper Hill mumzinda wa Nairobi, pa msewu wa Elgon. Dzina la Upper Hill mulisunge, tibwererako.

Mpikisano anauyamba ali ndi zaka 26. Kwa madalaivala a masiku ano kumeneko n'kuchedwa zedi, poti ambiri amayamba ali ana. Koma iwo anabwera ndi zinthu ziwiri zimene anzawo ochokera ku Ulaya analibe. Misewu ankaidziwa, ndipo galimoto ankatha kuikonza okha.

Kuthamanga sikufika

Akuluakulu kwathu amati kuthamanga sikufika. Pa Safari mawuwa anali lamulo. Mu 1963 mvula inavuta kwambiri moti magalimoto 7 okha ndi amene anamaliza. A Joginder anali m'gulu limeneli. Mu 1968 zinachitikanso, magalimoto 7 okha kufika ku Nairobi, ena onse atafera panjira kapena kutitimira, ndiye kuti kumira m'matope mpaka matayala kumangozungulira pamalo amodzi. A Joginder analiponso. Pa maulendo 22 amene anayamba mpikisanowu, anamaliza maulendo 19. Pa mpikisano umene magalimoto ambiri sankafika kumapeto, chiwerengero chimenechi n'chodabwitsa kuposa zikho.

Chaka chimene anthu saiwala ndi 1965. Chaka cham'mbuyo mwake kampani ya Volvo ya ku Sweden inatumiza magalimoto ake a PV544 ndi madalaivala ake, koma sizinayende. Imodzi mwa magalimotowa inatsala ku Kenya, yotopa kale. A Joginder anaitenga, ndipo iwo ndi mng'ono wawo a Jaswant anaimasula n'kuimanganso, akulimbitsa paliponse pomwe ankadziwa kuti msewu wa ku Africa umaswa. Pa mpikisano a Joginder anagwira chiwongolero, a Jaswant n'kukhala pambali kuwerenga njira ndi nthawi. Anapambana, ndipo wachiwiri anamusiya ndi nthawi yoposa ola lathunthu. Galimoto yakale, anthu awiri a bere limodzi, kugonjetsa matimu a mafakitale. Eti zimamveka ngati nthano? Koma zinachitika. Kuyambira pamenepo dzina loti Flying Sikh linamveka paliponse, ndipo ena ankangowatcha Simba, liwu la Chiswahili lotanthauza mkango.

Palinso nkhani ya mu 1971. Ali pa mpikisano ndi Ford Escort, giyabokosi inavuta, giya yogwira n'kutsala ya rivesi yokha. Wina akanazimitsa injini n'kukhala pansi. Iwo anayendetsa chobwerera m'mbuyo mpaka anakapeza amakaniko awo, anakonza, n'kuyambanso kuthamangitsa anzawo. Sanapambane chaka chimenecho, koma anamaliza.

Pofika m'ma 1970 zinthu zinasintha. Mu 1972 a Hannu Mikkola a ku Finland anakhala dalaivala woyamba wochokera kunja kwa East Africa kupambana Safari, ndipo mu 1973 mpikisanowu unalowa m'ndandanda wa mipikisano ya dziko lonse ya World Rally Championship. Makampani anayamba kuthira ndalama zambiri. A Joginder sanatsalire. Anagwirizana ndi Mitsubishi ya ku Japan, ndipo ndi kagalimoto ka Lancer 1600 GSR anapambana mu 1974 ndi mu 1976, mnzawo wowerenga njira ali a David Doig. Mu 1976 magalimoto a Lancer anatenga nambala 1, 2 ndi 3. A Joginder anakhala munthu woyamba kupambana Safari katatu.

Lero njira imadzera ku ofesi

Tsopano tibwerere ku Upper Hill kuja. Kale linali dera la nyumba zogona za akuluakulu a boma la atsamunda ndi a njanji. Lero ndi dera la nyumba zosanja za mabanki ndi makampani a inshuwalansi, monga Britam Tower yotalika mamita 200. Banki ya KCB, imene yakhala ikuthandiza mipikisano ya magalimoto ku Kenya ndi ndalama kwa zaka zoposa 20, nayonso ili ndi nyumba yake yosanja komweko.

Izi zikukhudzana bwanji ndi dalaivala? Nkhani ndi ndalama. Safari inachotsedwa pa ndandanda wa dziko lonse pambuyo pa 2002, n'kubwereranso mu 2021, pamene anapambana a Sébastien Ogier a ku France. Safari ya lero imachitikira makamaka ku Naivasha, m'misewu yotseka, ndipo mtunda wopikisana ndi makilomita mazana ochepa chabe. Magalimoto apatsogolo amangofanana ndi a m'sitolo pa maonekedwe. M'kati ndi chimango cha mapaipi achitsulo, makompyuta ndi zida zopangidwira mpikisano basi. Ku NASCAR nakonso n'chimodzimodzi: dzina loti stock linatsala, koma galimotoyo simungaigule kwa wogulitsa magalimoto aliyense.

Chitetezo chinapita patsogolo, zimenezo tisakane. Koma khomo limene a Joginder analowera linachepa. Mnyamata waluso wa m'garaja sangatole galimoto yotayidwa, kuikonza ndi mng'ono wake, n'kukagonjetsa Toyota kapena Hyundai. Asanagwire chiwongolero ayenera kuvala jekete, kukwera chikepe cha m'nyumba zosanja zija, n'kukapempha kampani kuti imulipirire matayala, mafuta ndi amakaniko. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Apa ena amayamba ali kale patali. Mkenya womaliza kupambana Safari ili pa ndandanda wa dziko lonse ndi a Ian Duncan, mu 1994. Chaka chomwecho a Patrick Njiru anamaliza pa nambala 4.

Kwa ife oyankhula Chichewa ndi Chinyanja, masewerawa si achilendo kwenikweni. Ku Zambia kuli a Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa mpikisano wa Africa yonse maulendo 8. Mukakhala ndi achibale a ku Lusaka, afunseni, dzinali amalidziwa.

Kwawo kunali kuti?

A Joginder atapuma pa mpikisano anasamukira ku United Kingdom, monga anachitira amwenye ambiri a ku East Africa. Anamwalira ku London pa 20 October 2013, ali ndi zaka 81. Tsikuli ku Kenya ndi Mashujaa Day, tsiku lokumbukira ngwazi za dziko. Patapita zaka 4, mu 2017, boma la Kenya linalengeza kuti Akenya ochokera ku Asia ndi mtundu wa nambala 44 wa dzikolo. Khamu limene linkaima m'mbali mwa msewu usiku, mvula ili pamsana, kudikira kuti Simba adutse, linali litawalandira kalekale boma lisanalembe pa pepala.

Ntchito yanu sabata ino nayi. Imbirani bambo, amalume kapena agogo, muwafunse m'Chichewa kuti: "Kodi galimoto yoyamba imene munakwera inali ya mtundu wanji, nanga inafera pati?" Musadabwe akakusungani pa foni ola lathunthu. Mawu atsopano amene mumve, monga kutitimira, kukankha, kuphulika kwa tayala, alembeni ndipo mutitumizire.